Fayilo Imene Ndinaisiya Dala

Alamu anga ankaidziwa kompyuta ngati mmene kondakitala amaidziwira minibasi: amadziwa pokhala anthu ndi pomenya kuti iime, koma mukamupatsa kiyi mwaphedwa nonse. Ndimawatchulabe mwaulemu chifukwa ndinaleredwa, osati chifukwa ulemuwo anaugwirira ntchito. Anali ndi kantemba kumsika wa Chawama, kachipinda ka malata komwe ankajambula zithunzi za ziphaso, kufotokopa, ndi kutayipira anthu makalata ofunsira ntchito. Pachitseko analembapo ndi penti yabuluu kuti amapanganso mapulogalamu a kompyuta. Mawu amenewo analemba ine ndisanafike, nthawi imene kunalibe munthu wowauza kuti apange ngakhale imodzi.

Ine ndinabwera kudzakhala nawo nditamaliza giredi twelofu, amayi atabwerera kumudzi ku Katete. Akazi awo ndi akulu anga, bere limodzi, ndipo anali ndi ana awiri aang'ono. Ndinkagona pabalaza, m'mawa kupinda matiresi, kutunga madzi, kusambitsa ana, kenako ulendo wa kukantemba. Loweruka lililonse ndinkapita ku holo ina komwe mtsikana wina wa kuyunivesite ankaphunzitsa atsikana anzake kulemba mapulogalamu mwaulere. Tinayamba ambiri, tinatsala asanu, ndipo ine zinandilowa m'magazi. Laputopu ndinalibe, choncho ndinkayeserera pa ya alamu makasitomala akachepa.

Chinthu choyamba chimene mphunzitsi uja anatikhomerera m'mutu chinali Git, kapulogalamu kosunga mbiri ya ntchito. Ukasintha china mu pulogalamu yako, sichilowa chokha m'mbirimo. Uyenera kuyamba wasankha mafayilo amene ukufuna kuti alowe, kumene timati kusiteja. Kenako umakomita, ndiko kutsekera pamodzi zimene wasankhazo n'kulembapo mawu ofotokoza, ndipo makina amadindapo dzina lako ndi tsiku. Iye ankati zili ngati kulongedza chikwama cha ulendo wa ku Chipata: zovala zimene zili pabedi sizipita kulikonse, chimapita ndi chimene waika m'chikwama n'kutseka zipi. Ankatibwerezera mpaka kutitopetsa kuti usanatseke, yamba wasuzumiramo. Pali lamulo lalifupi limene ukalilemba limakuonetsa zonse, mayina obiriwira ndi mafayilo amene alowa, ofiira ndi amene atsala panja.

Ntchito yeniyeni inabwera ndi ahedi a sukulu ina ya m'komboni mwathu, omwe ankabwera kudzafotokopa mafomu a malipoti a ana teremu ikamatha. Tsiku lina anawerenga penti yabuluu ija n'kufunsa ngati alamu angawapangire pulogalamu yoti aphunzitsi azilowetsamo mamakisi, iyo izitulutsa malipoti. Alamu anavomera asanameze n'komwe mate. Ahedi atangotuluka, anatembenukira kwa ine, tsache lili m'manja.

"Mulamu, vija vamene uphunzira ku holo, vingapange ivi?"

Ndinati zingapange. Ndinali ndisanapangepo chinthu chachikulu chotero, koma mtima unkadumphadumpha ndi chimwemwe moti tsache lija ndinangoliponya kuseri kwa makina ofotokopera.

Git imafuna kudziwa dzina la munthu wokomita. Tsiku loyamba, ndikuyamba kulemba langa, alamu anali ataima kumbuyo kwanga, manja ali m'matumba.

"Awe, mulamu. Laputopu ni yanga, kantemba ni kanga, kasitoma ni wanga. Ika zina langa. Nyumba siinkhala na mitu ibili."

Ndinafufuta langa n'kuika lawo. Kenako anakhazikitsa lamulo limene sindinalimvepo kwina kulikonse kumene ndagwirako ntchito: ine ndizilemba ndi kusiteja, koma kukomita kukhale kwawo. Anati kukomita n'kusaina, ndipo mwana sasaina akulu ali pomwepo. Kwa ine sizinamveke zachilendo. Kwathu mwana amaphika ndi kupakula, koma wopempherera chakudya ndi bambo. Ndiye ndinkati ndikamaliza gawo lina ndisiteje, ndinyamuke pampando, iwo akhalepo, akonze kolala, alembe mzere umodzi umene ndinawalembera papepala n'kumata pakhoma. Mawu ofotokoza ankaika amodzimodzi nthawi zonse, liwu limodzi lachingerezi longotanthauza kuti zakonzedwa. Masiku oyamba ankanamizira kuwerenga, akugwedeza mutu ndi kuti mm, mm. Pofika mwezi wachiwiri ankakomita ataimirira, dzanja lina lili ndi chitumbuwa.

Ntchito imeneyo inanditengera miyezi isanu ndi iwiri. Magetsi akathima ndinkalemba m'kope, akabwera ndithamangire kutayipa munthu wofuna chithunzi asanalowe. Zina ndinkalephera sabata yathunthu, n'kukafunsa ku holo Loweruka, n'kubwerako ndikuyenda ngati ndikuuluka. Pulogalamu inatheka. Aphunzitsi anasiya kulemba mafomu ndi manja, ndipo amene ankapita kusukulu kukawaonetsa kagwiritsidwe ntchito kake ndinali ine, monga wotumidwa. Ndikatsegula mbiri ya ntchito, mizere inkatsika osatha, uliwonse dzina la alamu ndi liwu lawo limodzi lija. Zinkandiwawa, koma ndinkadzitonthoza kuti ndikuphunzira, komanso ndikudya kwawo.

Kenako kunabwera anthu a bungwe lina lothandiza masukulu a m'makomboni. Anaona malipoti aja kusukulu, anawakonda, ndipo anati akufuna kulemba ntchito munthu mmodzi woti aziyang'anira pulogalamuyo ndi kuifikitsa kumasukulu ena ku Kanyama ndi ku George. Munthu mmodzi, ntchito yokhazikika. Ahedi anabwera okha kukantemba kudzanena nkhaniyo, anagwira alamu chanza ndi manja awiri, kenako anandiona ine pakona.

"Nanga uyu mwana wamene abwela kusukulu? Aoneka aziba maningi."

"Aka?" anatero alamu, osandiyang'ana n'komwe. "Ni kamulamu kanga. Kamanithandiza chabe kutayipa na kupyanga pansi na tsache."

Ahedi anaseka, alamu anaseka, ndipo ine ndinasekanso, chifukwa nkhope ya mwana wolerewa bwino imadziwa ntchito yake ngakhale mwiniwake atafa m'kati. Ndinapitiriza kudula zithunzi za kasitomala ndi sizasi, ndipo chimodzi ndinachidula khutu.

Mwina ndikanameza zimenezo pakadapanda Lamlungu lotsatira. Kutchalitchi kwathu nthawi ya maumboni itakwana, alamu ananyamuka, anavala jekete, anatenga maikolofoni. Anauza mpingo mmene Mulungu anawapatsira nzeru za makompyuta, mmene anavutikira okha ndi makodi a pulogalamuyo popanda wowathandiza, mmene satana anayesera kuwabweza ndi kuthima kwa magetsi koma iwo anapirira n'kumalemba m'kope. Kope langa. Anthu anaimirira, anaomba m'manja, akulu anga analuluta mpaka mawu kusasa. Ine ndinali kutsogolo ndi gulu loimba, ndipo abusa anatikodola kuti tiyambitse nyimbo yothokoza. Ndinaimba, koma m'mtima mwanga munali mawu osayenera kulowa m'tchalitchi.

Ndisaname kuti sindinayese njira yabwino. Lolemba ndinawapempha, mwaulemu wonse, kuti akauze a bungwe kuti tili awiri.

"Iwe mulamu, osathamanga. Nikangena, nizakudonsa. Ndiye mwamene vimayendela."

Ndinapita kwa akulu anga, ndinawapeza akusenda mbatata kuseri kwa nyumba. Anamvetsera osadzutsa mutu.

"Udya vake, ugona pake. Manje ufuna chani futi? Akapeza nchito, tapeza tonse. Nkhala chabe zii."

Ndinakhaladi zii. Anthu a m'nyumba imeneyo ankaganiza kuti zii wanga ndi kuvomera, ndipo ine sindinawatsutse.

A bungwe anapereka mayeso. Anati pulogalamu iwonjezeredwe chinthu chimodzi, kuti pa lipoti pazioneka nambala ya mwana m'kalasi, kaya ndi woyamba kaya wa khumi. Zosinthazo zitumizidwe pa intaneti pofika Lachisanu, ndipo Lolemba lake wopanga pulogalamu akaonekere kuofesi kwawo. Alamu anandipatsira pepala la malangizo ngati mmene amandipatsira malaya oti ndisite.

Ndinamaliza Lachinayi masana. Ndinalemba fayilo yatsopano yowerengetsera manambala a ana, kenako ndinasintha fayilo yakale yotulutsa malipoti kuti iziitana yatsopanoyo. Popanda yatsopanoyo, yakaleyo inali isakuthanso kuyenda yokha. Ndinalemba lamulo losuzumira lija, ndipo mayina awiri anaoneka, onse ofiira, akudikira kuti ndiwasiteje. Kunja kunali kutentha kwa Okutobala, malata akulira okha, ndipo alamu anali pakhomo akuuza mnzawo wogulitsa matcharja za ofesi imene adzakhale nayo.

Ndinayang'ana mayina awiri aja nthawi yaitali. Ndinadziwa kuti pa laputopu iyi pulogalamu iyenda bwinobwino, chifukwa mafayilo onse ali momwemo. Koma a bungwe sadzaona za m'laputopu. Adzatsitsa zimene zakomitidwa, ndipo zokomitidwa ndi zimene ine ndasiteja. Palibe chimene ndinayenera kuwononga, palibe bodza limene ndinayenera kunena. Kunali kungosiya. Munthu aliyense wodziwa ntchitoyi akanasuzumira asanakomite, n'kuona dzina lofiira lili poyera. Ndinadziuza kuti ngati asuzumira, ndiye kuti ntchitoyo ndi yawodi, aitenge. Ndinkadzinamiza. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti sasuzumira, ndipo n'chifukwa chake ndinachita.

Ndinasiteja fayilo yakale yokha, yatsopano ndinaisiya panja. Ndinafufuta zolembedwa pa sikirini kuti pasaoneke kanthu, n'kunyamuka.

"Ba mulamu, vasila. Bwelani musaine."

Anabwera, anatsegula pulogalamu, anatulutsa lipoti limodzi la giredi seveni. Nambala ya mwana inaoneka pamwamba, yokongola. Anaitana mnzawo wa matcharja kuti adzaone. Kenako anawerama, anayang'ana kapepala ka pakhoma, analemba mzere wawo ndi liwu lawo, anatumiza pa intaneti. Ndinaona dzina lawo likudindidwa pa chinthu chosweka, ndipo ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo chibadwire. Ndikunena poyera, kunali kukoma.

Masiku atatu otsatira ndinali mwana wabwino kuposa kale lonse. Ndinachapa malaya awo oyera, ndinawasita mpaka kolala kuima, ndinapolisha nsapato osatumidwa. Akulu anga anadabwa, anati pemphero limasintha munthu. Iwo anali atayamba kale kukamba za nyumba ina ya ku Chilenje yokhala ndi mpopi pakhomo, ndi sukulu yabwino yoti mwana wamkulu akayambe. Ndikamva zimenezo ndinkadziuza kuti ntchito ikapulumuka m'manja mwa alamu igwera mwanga, ndipo ine sindingaiwale ana a akulu anga. Loweruka alamu anandisiya ndekha kukantemba tsiku lonse. Mphindi imodzi inali yokwana kukonza zonse. Ndinatsegula laputopu, ndinayang'ana dzina lofiira lija, ndinalimwetulira, n'kutsekanso.

Lolemba m'mawa alamu anati ndipite nawo, ndikanyamule chikwama cha laputopu. Anati bwana sanyamula yekha katundu. Ine ndinadziwa kuti pansi pa jekete pali mantha, ndipo akufuna ndikhale pafupi. Tinakwera minibasi yopita kutauni, kenako ina yolowera ku Kalingalinga. Njira yonse ankanditchulira mawu akuluakulu achingerezi amene anakonza kukanena, n'kumandifunsa ngati akuwatchula bwino. Ndinkati akutchula bwino kwambiri. Paja amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Ofesiyo inali nyumba wamba yokhala ndi mpanda. Alamu analowa ndi laputopu, ine anandisiya pabenchi pakhonde. Ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana nyerere zikukoka chiwala chakufa, khutu lili kuchitseko. Poyamba ndinkamva mawu a alamu okhaokha, okwera, oseka. Kenako anayamba kuchepa. Kenako kunangoti phee, ndipo phee ameneyo anatenga nthawi yoti munthu n'kuwiritsa dzira kanayi. Chitseko chitatseguka, alamu anatuluka jekete ili pamkono, malaya amene ndinasita aja atamatirira kumsana.

"Mulamu, bwela. Chinthu chakana."

"Chakana bwanji, ba mulamu? Si ndimwe munapanga?"

Anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire changa m'nyumba mwawo, anayamba ndi iwo kugwetsa maso. Miyezi isanu ndi iwiri ndinkadikira mphindi imeneyo osadziwa kuti ndikuidikira.

M'katimo munali mayi mmodzi wamagalasi, wa imvi pang'ono, amene ankayang'anira zamakompyuta m'bungwemo. Patebulo panali malaputopu awiri ogundizana. Pa ya alamu pulogalamu inkayenda. Pa ya mayiwo, pomwe anatsitsira zimene tinatumiza, inkangofa ikamatseguka, sikirini yodzaza ndi mawu odandaula. Ndinamva pambuyo pake kuti anapatsa alamu theka la ola kuti apeze chifukwa. Iwo anazimitsa n'kuyatsa katatu, anati ndi netiweki, anati ndi vayirasi, pomaliza anati laputopu ya mayiwo ndi yachikale.

"Bakamba kuti ndimwe mumabatayipila," anatero mayiwo modekha. "Nkhalani, muone ngati pali chamene sichinatayipiwe."

Ndinakhala pampando umene alamu anautenthetsa. Zala zinkandiyabwa. Choyamba ndinachotsa dzina lawo mu Git n'kuikamo langa, lonse, ndi la bambo anga lomwe. Kenako ndinalemba lamulo lositeja, n'kutchula fayilo ija ndi dzina lake kuchokera m'mutu. Ndinakomita ndekha, koyamba pa laputopu imeneyo, n'kulembapo mawu omveka bwino ofotokoza chimene chalowa. Ndinatumiza. Sipanathe mphindi ziwiri. Mayiwo anatsitsanso pa yawo, pulogalamu inatseguka, lipoti linatuluka ndi nambala ya mwana pamwamba.

Anayamba kundifunsa mafunso. Chifukwa chiyani mamakisi ndinawasunga motere osati motere. Chimachitika n'chiyani ana awiri akafanana mamakisi. Bwanji mphunzitsi akalakwitsa kulemba dzina la mwana. Ndinayankha zonse, ndipo pena ndinkatsegula fayilo n'kuloza mzere wake osaufunafuna. Ndinawauza ngakhale malo awiri pomwe ndinkadziwa kuti pulogalamu ndi yofooka. Alamu anali ataima pafupi ndi kabati, akuwerenga kalendala ya pakhoma ngati muli uthenga wawo. Mayiwo anatembenuka kamodzi kuwafunsa ngati ali ndi chowonjezera, iwo anati palibe. Ndinkafuna mpingo wonse ukadakhala m'chipinda chimenecho, ndi abusa omwe, ndi ahedi, ndi wa matcharja.

Mayiwo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje. Ine m'mutu ndinali nditayamba kale kuganiza zovala zoti ndidzavale tsiku loyamba.

"Nili na funso imozi. Pamene mwankhala apa, simunabelenge vamene kompyuta yanga inali kudandaula. Simunasuzumile kuti muone chamene chasala panja. Mwangolemba zina la fayilo. Munaziba bwanji?"

Masiku anayi ndinakonza msampha mosamala, koma sindinaganizepo zonamizira kufunafuna ngakhale kwa mphindi imodzi. Njala yoti alamu aone mmene ndikuthamangira ndi imene inandigwiritsa. Ndikanatha kunena kuti ndinangokumbukira, kuti ndinaiwala Lachinayi. Mwina akanandikhulupirira. Koma alamu anali atasiya kalendala n'kundiyang'ana, ndipo ndinaona kuti sanamvetsebe. Ankaganiza kuti tsoka langowagwera lokha. Zimenezo sindikanapirira. Kubwezera kumene wolandira sakudziwa kuti kwachokera kwa iwe n'kosakoma.

"Ninaisiya dala," ndinatero, maso ali pa alamu. "Ninaziba kuti sibazayangana. Sibanayanganepo olo kamozi."

Ndinafotokoza zonse: za dzina, za lamulo lawo losaina, za kupyanga, za umboni wa m'tchalitchi. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anavalanso magalasi.

"Ba mulamu banu sitingabatenge, nchito sibaiziba. Imwe muiziba, naona na maso yanga. Koma mukanabwela chabe kuniuza, sembe ninakupasani pepala na bopeni, in ten minutes sembe naziba wamene analemba. Chifukwa chani simunabwele?"

Zoona zake, sizinandibwerepo m'mutu. Kudumpha alamu n'kukawanenera kwa alendo kunkaoneka kwa ine mwano waukulu, chinthu chimene mwana wa amayi anga sangachite. Kuwatchera msampha mwakachetechete ndiye kunkaoneka kotheka. Ndinaleredwa kusayankha akulu, ndipo palibe amene anandiuza kumene mawu osayankhidwawo amakathera.

"Iyi nchito ni malipoti ya bana," anapitiriza mayiwo. "Wamene tizatenga azankhala eka na makiyi yonse, kulibe womulonda. Tsiku lina na ine nizakukalipisani, chifukwa ndine munthu. Manje pa tsiku ija, ni fayilo iti yamene muzasiya?"

"Sininachite ku bana," ndinatero.

"Lelo," anayankha, ndipo anatseka laputopu yawo.

Anatiperekeza mpaka pachipata, anatigwira chanza tonse awiri mofanana. Chikwama ananyamula okha alamu. Mu minibasi tinakhala mpando umodzi chifukwa panalibe kwina, mawondo akugundana pa bampu iliyonse mpaka ku Chawama. Ndinadziwa kuti laputopu imeneyo sindidzaikhudzanso, ndipo sindinaikhudzedi. Patangotha masabata awiri ndinasamukira kwa azakhali ku Matero, komwe ndinakhala chaka chathunthu ndikuluka anthu tsitsi ndisanapezenso kompyuta yolemberapo. Ntchito ija ndinaitaya ndi dzanja langa, ndipo ndinalira nayo masiku ambiri. Koma alamu sindinawapepese, ndipo sindidzawapepesa. Nkhope imene anatuluka nayo pachitseko paja ndikaikumbukira lero, ndimamvabe kukoma komwe kuja. Ndapempherapo kuti kuchoke, koma pemphero lake ndimalinena ndi mtima theka.

Titafika kunyumba, akulu anga anali panja akuchapa, beseni lili pakati pa miyendo, ana akusewera ndi thovu. Alamu sanaime, anangodutsa kulowera kumsika ndi chikwama chawo. Akulu anga anawatsatira ndi maso, kenako anayang'ana ine.

"Vayenda bwanji?"

Ndinakhala pamwala n'kuwauza zonse, osabisa kanthu. Ndinkayembekezera mbama, kapena kukuwa koti aneba atuluke. Ndinali nditakonza kale mayankho anga, akuthwa, okhudza miyezi isanu ndi iwiri ndi nthungululu zawo za m'tchalitchi. Iwo anangopitiriza kutikita bulangeti, pang'onopang'ono, mpaka ndinamaliza.

"Ivo va zina ni zoona," anatero. "Nenze kuziba kuti ndiwe unapanga. Nimamuziba mwamuna wanga kuchila iwe."

Anasiya kutikita, anapukuta chipumi ndi mkono, anayang'ana ana awo awiri aja.

"Koma mwana wa amai, ukafuna kugwesa mutengo, uyamba wachosa bana munsi."

Akulu anga anatulutsa bulangeti m'madzi, anandipatsa mbali ina, ndipo tinalifinya awiri, iwo kupotokola uku, ine uku, osayang'anana.